Luso la Kudekha: Mmene Majaji Asanu Adagwirira Mlandu wa Chisankho cha 2019

Pa 3 Febuluwale 2020, tsiku Lolemba, m'mizinda ya Malawi mudali bata loopsa. Masitolo ambiri mu Lilongwe ndi mu Blantyre sadatsegule, m'misewu munali anthu owerengeka, ndipo asilikali adazinga bwalo la milandu mu likulu la dziko. Mtundu wonse udatchera khutu ku wailesi, funso lili limodzi pakamwa pa aliyense: kodi chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 chiima kapena chigwa? Yankho lake likadatha kunenedwa m'mphindi zisanu. Koma majaji asanu, a Healey Potani omwe ankatsogolera, mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, adayamba kuwerenga m'mawa n'kukamaliza kutada. Chigamulo chawo chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuwerengako kudatenga maola okwana khumi. Anthu ambiri amakumbukira mawu omaliza okha, akuti chisankho chafafanizidwa. Chimene chimandigwira mtima ine ndi njira imene adadzera kuti akafike pa mawuwo, chifukwa m'njira imeneyo ndi mmene muli luso la kudekha dziko likamatentha.

Tikumbutsane kaye ukulu wa moto umene adaukhalira pakati. Pa 27 Meyi 2019, bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lomwe wapampando wake adali mayi Jane Ansah, lidalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi 38.6 peresenti ya mavoti. A Lazarus Chakwera adapeza 35.4 peresenti, ndipo malemu Saulos Chilima 20.2 peresenti. Oyamba awiriwo adasiyana ndi mavoti pafupifupi 159,000. Madando okwana 147 adali atafika kale ku bungweli, ndipo zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex yofufutira zolembedwa zinkayenda pa mafoni dziko lonse. Kuyambira mwezi wa Juni, bungwe loteteza ufulu wa anthu la HRDC lidatsogolera zionetsero zofuna kuti mayi Ansah atule pansi udindo. Matayala ankayaka m'misewu, masitolo ankathyoledwa, utsi wokhetsa misozi udasanduka mpweya wa tsiku ndi tsiku. Mu Okutobala wapolisi adaphedwa ku Msundwe, ndipo amayi a m'deralo adachitidwa nkhanza zimene mpaka lero zimawawitsa mtima. Pachibale padalowa mphepo chifukwa cha zipani. Munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la amene adamuvotera.

Ku Malawi kulibe bwalo lokhazikika lounika malamulo aakulu a dziko. Mlandu wotere ukabwera, mkulu wa majaji amasankha oweruza a bwalo lalikulu kuti akhale pamodzi n'kuumva. Mu 2019 mkulu wa majaji adali a Andrew Nyirenda. Madandaulo a a Chilima ndi a a Chakwera adaphatikizidwa kukhala mlandu umodzi, ndipo pa 8 Ogasiti umboni udayamba kumvedwa. Anthu asanuwa sadachokere kumwamba. Adali Amalawi okhala m'mizinda yomweyo imene inkafuka utsi, okhala ndi ana, abale ndi anzawo a kutchalitchi amene aliyense adali ndi mbali yake. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo zawo zinkachokera uku ndi uku.

Nzeru yawo yoyamba idali yotsegula chitseko. Adalola kuti mawailesi aziulutsa zonse zochitika m'khoti nthawi yomweyo, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Woweruza wamantha akadasankha kutseka, poganiza kuti anthu akamva zambiri mkwiyo ukula. Awa adaona kutali. Adadziwa kuti chimene chimasonkhezera chipolowe ndi mphekesera, ndipo mphekesera imanenepa pamene anthu sakuona chimene chikuchitika. Kwa miyezi inayi ndi theka, wakabaza, mayi wogulitsa tomato pamsika, mlonda ndi mphunzitsi ankamvera limodzi mafunso ndi mayankho omwewo. Maina a maloya monga a Modecai Msisha, a Chikosa Silungwe, a Samuel Tembenu ndi a Kalekeni Kaphale adadziwika ngati a osewera mpira. Anthu adaphunzira kusiyanitsa pepala lenileni la zotsatira ndi la duplicate. Adaphunzira kuti mboni imalumbira, imafunsidwa ndi mbali inayo, ndipo ikanama imakodwa ndi mawu ake omwe. Mkwiyo umene ukadathera kumsewu wokha udapeza malo ena ofikira. Munthu akamamvetsera, manja ake amakhala pansi.

Nzeru yachiwiri idali yosalola kuti phokoso la kunja liwaikire liwiro. Kunja anthu ankafuula kuti mlandu ukuchedwa. Ena ankati majaji agulidwa, ena ankati akuopa. Iwo adapitiriza ntchito yawo mboni ndi mboni, pepala ndi pepala. A Chilima adaima m'bokosi la mboni masiku angapo akupanikizidwa ndi mafunso, a Chakwera chimodzimodzi, ndipo palibe amene adachitiridwa chifundo chifukwa cha udindo wake. Katswiri wa makompyuta wa mbali yodandaula, a Daud Suleman, adapatsidwa mpata woonetsa m'khoti momwemo mmene ankaganizira kuti makina osonkhanitsira zotsatira adalowereredwa. A MEC nawo adapatsidwa mpata wawo woyankha. Mkulu woyendetsa ntchito za bungweli, a Sam Alfandika, adafunsidwa mpaka mafunso adatha. Pofika pa 20 Disembala, pamene kumva mlandu kunkatsekedwa, panalibe mbali imene ikadadandaula kuti idadulidwa pakamwa. Kuchedwa kumene ambiri ankakunyoza ndi kumene kudapatsa chigamulo mizu. Chikadabwera mwa phuma mu Julayi, theka la dziko likadachitaya tsiku lomwelo.

Kudekha kwawo kudayesedwa koopsa pa nkhani ya ziphuphu. Mlandu uli mkati, padapezeka woyesa kuwanyengerera ndi ndalama. Apa munthu wopsa mtima msanga akadachita chimodzi mwa ziwiri: kuitana atolankhani n'kudzionetsa ngati ngwazi, kapena kusunga chakukhosi n'kudzalipsira pa chigamulo. Iwo adatengera nkhaniyo kwa mkulu wawo, a Nyirenda, amene adakaitula ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Kenaka adabwerera pa mipando yawo n'kupitiriza kumva mboni ngati kale. Mu Januwale 2020 mkulu wina wodziwika pa zamalonda adamangidwa, ndipo mu 2021 bwalo lina, pamaso pa woweruza wina, lidamupeza wolakwa. Taonani mmene adasiyanitsira zinthu ziwirizi. Mlandu wa ziphuphu udayenda njira yake, wa chisankho yakenso. Sadalole kuti chipongwe chimene adachitiridwa chisanduke umboni pa mlandu umene ankaweruza. Kuugwira mtima kotere ndi kovuta kuposa kukana ndalamazo.

Tifike tsopano pa kamangidwe ka chigamulo chenichenicho, pamene luso lawo lidaonekera kwambiri. Kumudzi, mfumu yodziwa kuweruza siyamba ndi kunena wolakwa. Imayamba yabwereza zimene wodandaula wanena, kenaka zimene woyankha wanena, mpaka aliyense agwedeze mutu kuti mawu ake afikadi. Ikamadzagamula, ngakhale wogonja amakhala ataiona kale njira imene mlandu wadzera. Majaji asanuwa adachita zomwezo pamaso pa mtundu wonse. Adayamba ndi kuyala mafunso amene khoti limayenera kuyankha. Adafotokoza kuti udindo wobweretsa umboni uli pa yani: odandaula ayambe aonetsa kuti dandaulo lawo lili ndi maziko, zikatero MEC, monga mwini ntchito ndi wosunga mapepala onse, ionetse kuti idatsata lamulo. Adabwereza umboni wa mbali zonse modekha, osathamangira pamene pankakomera khutu la anthu. Kenaka adayamba kuyankha mafunso aja limodzi ndi limodzi.

Dongosolo limeneli lidagwira ntchito yaikulu pa mitima ya omvera. Pa maola oyambirira, otsatira mbali iliyonse adamva mfundo zawo zikunenedwa mwaulemu ndi pakamwa pa woweruza. Madandaulo ena amene adalibe umboni wokwanira adakanidwa poyera, kotero wotsatira a Mutharika sakadanena kuti khoti lidangomeza chilichonse chimene otsutsa adabwera nacho. Dzuwa likupendeka, mfundo zolemera zidayamba kuwunjikana: Tipp-Ex pa mapepala amene lamulo silidalole kufufutapo, manambala osinthidwa ndi cholembera, mapepala a duplicate ogwiritsidwa ntchito m'malo mwa enieni, mapepala opanda siginecha ya woyang'anira malo oponyera voti, makomishonala kusiyira ogwira ntchito udindo woweruza madando umene lamulo lidaupereka kwa iwo eni. Pofika madzulo, aliyense womvetsera adali atadziwa kale kumene zinthu zikulowera. Chigamulo sichidagwe ngati mphezi. Opambana adali atatopa kudikira, ogonja adali atakonzekera mumtima. Dziko lidapatsidwa tsiku lathunthu lomezera nkhani yowawa pang'onopang'ono.

Adawerenganso mosinthana, wina akatopa mnzake n'kulandira, ndipo onse asanu adagwirizana chimodzi popanda wotsutsa. M'dziko limene chilichonse chimayesedwa ndi funso loti munthuyo kwawo n'kuti, zimenezi zidali ndi phindu lalikulu. Panalibe dzina limodzi loti anthu aliloze chala n'kunena kuti uyu ndiye watipweteka chifukwa ndi wa chigawo chakuti. Mawu ankasintha, mfundo ili yomweyo.

Kasankhidwe ka mawu nakonso n'kofunika kukayang'anitsitsa. Kunja anthu ankaimba za kuba ndi za mbava. M'chigamulo munalibe chilankhulo chotero. Khoti lidavomereza poyamba kuti palibe chisankho padziko lapansi chimene chimayenda popanda cholakwika chilichonse, ndipo kuti si cholakwika chilichonse chimene chingagwetse chisankho. Litatero lidanena kuti zolakwika za ulendo uno zidali ponseponse, zochitika mobwerezabwereza, ndiponso zazikulu, moti zotsatira zake sizikadakhulupirika kuti ndiye chifuniro cha ovota. Silidanene kuti a Mutharika adaba mavoti. Lidati sadasankhidwe motsata lamulo, ndipo cholakwa lidachiika pakhomo pa bungwe limene lidayendetsa chisankho. Ena adakhumudwa kuti mawuwa ndi ozizira. Koma woweruza amanena zimene umboni wamuonetsa, osapitirira apo. Mawu otentha akadasangalatsa khamu usiku umodzi, n'kusiya chilonda cha zaka zambiri.

Panali funso lina lovuta limene maloya a MEC ndi a a Mutharika adalikakamira: ngati odandaula sadaonetse ndi manambala kuti mavoti awo adachepetsedwa ndi angati, n'chifukwa chiyani chisankho chigwe? Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo majaji sadalinyoze. Adayankha kuti chisankho chimayesedwa pawiri, pa manambala ndi pa kayendetsedwe kake. Ngati mapepala amene manambalawo achokerapo ndi ofufutidwa, osinthidwa ndi osasainidwa, ndiye kuti palibe amene angadziwe manambala enieni, ngakhale wopambanayo. Kuuza wodandaula kuti awerengere mavoti ake otayika pa mapepala oonongeka omwewo n'kumupempha chinthu chosatheka. Mfundo imeneyi ndi imene bwalo lalikulu la ku Kenya, motsogozedwa ndi a David Maraga, lidaimapo pa 1 Sepitembala 2017 pofafaniza chisankho cha kumeneko. Mutu wozizira ndi umene umatha kuona kuti funso lenileni silinali loti wapambana ndani, koma loti kodi tingadziwe bwanji amene wapambana.

Pamene ndimawagomera koposa ndi pa malamulo amene adapereka kumapeto. Khoti likagwetsa chisankho cha pulezidenti, pamatseguka dzenje loopsa: mawa m'mawa dziko alilamulira ndani? Asilikali amvera yani? Majajiwa adatseka dzenjelo usiku womwewo. Sadalonge a Chakwera ufumu. Adabwezera zinthu mmene zidalili chisankho chisanachitike: a Mutharika apitirize kukhala pulezidenti, a Chilima abwerere pa mpando wa wachiwiri. Adalamula kuti chisankho chatsopano chichitike pasanathe masiku 150. Adapatsa Nyumba ya Malamulo masiku 21 kuti ikonze malamulo ofunika, ndipo nkhani yoona ngati makomishonala a MEC ali oyenera ntchito adaitumiza ku komiti ya aphungu yoona za maudindo. Aliyense adapatsidwa chochita ndi tsiku lochitira. Wogonja sadachotsedwe ulemu, ndipo khomo la apilo lidali lotsegula. Munthu amene wasiyiridwa njira yolemekezeka yodzera sakhala ndi chifukwa chogwetsera mpanda.

Adalimbanso mtima pa gawo 80(2) la malamulo aakulu a dziko, limene limati pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka. Pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, umene udatsatira chisankho cha 1999, bwalo la apilo lidamasulira kuti wopeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana. N'chifukwa chake a Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi a Peter Mutharika mu 2014 adalowa m'boma ndi mavoti ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Majaji asanuwa adati tanthauzo loona ndi mavoti opitirira theka, chimene tonse tidazolowera kuchitchula kuti 50+1. Apa tikuona kuti kudekha si mantha. Munthu wodekha amatha kunena chinthu chachikulu ndi mawu otsika, atayala zifukwa zake zonse poyera kuti amene ali pamwamba pake aziunike.

Alipo amene mpaka lero amati khoti lidapyola malire, lidalowerera ntchito ya aphungu ndi ya ovota. Maganizo amenewa ali ndi eni ake, ndipo ayenera kumvedwa. A Mutharika adachidzudzula chigamulochi kolimba, koma adatenga njira ya apilo pamodzi ndi MEC, ndipo pamenepo adachita bwino. Pa 8 Meyi 2020, majaji asanu ndi awiri a bwalo la apilo adagwirizana ndi anzawo aja, kuphatikizapo pa 50+1. Ntchito yosokedwa mothamanga ikadasosoka pamenepo. Iyi idapirira chifukwa msoko uliwonse udali poyera. Mu Juni, patatsala masiku ochepa kuti anthu avote, boma lidalengeza kuti a Nyirenda apite kutchuthi chodikirira kupuma pa ntchito. Maloya adayenda mumsewu atavala mikanjo yawo, ndipo nkhaniyo nayonso idakathera kukhoti. Pa 23 Juni 2020 Amalawi adavotanso, MEC ili m'manja mwa a Chifundo Kachale, ndipo a Chakwera adapambana ndi pafupifupi 59 peresenti. Malawi adakhala dziko lachiwiri mu Africa kufafaniza chisankho cha pulezidenti kudzera kukhoti, ndiponso loyamba kumene otsutsa adapambana pa chisankho chobwereza. Chaka chomwecho majaji asanuwa adalandira mphoto ya Chatham House ya ku London.

Umboni waukulu woti ntchito yawo sidali yokondera udabwera patapita zaka zisanu. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, lamulo lomwe lija la 50+1 ndi limene lidagwira ntchito. A Peter Mutharika, amene adagonja pa mlandu uja, adapambana ndi mavoti opitirira theka, mayi Jane Ansah ali wachiwiri wawo. A Chakwera, amene adapindula ndi chigamulo cha 2020, adavomereza kugonja. Muyeso umene udaikidwa pakati pa utsi ndi phokoso udayesa mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo palibe amene akadanena kuti pulezidenti walowa ndi anthu ochepa. Chinthu chopangidwa mu mkwiyo chimatumikira amene wakwiya tsiku limenelo. Chopangidwa ndi mutu wozizira chimadzatumikira ngakhale amene ankachitukwana.

Ambiri timaganiza kuti kudekha ndi chibadwa, kuti ena adangobadwa ofatsa. Ntchito ya majajiwa ikuonetsa kuti ndi luso lophunzirika, lokhala ndi zida zake. Kumva mbali zonse mpaka zithe. Kusiyanitsa chimene wamva ndi chimene waona umboni wake. Kusalola kuti chipongwe chimene wachitiridwa chilowe m'chiweruzo chako. Kunena zokhazo zimene ungaziimire. Kuyala zifukwa usananene mathero. Kuganizira za mawa la amene wagonja. Zida zimenezi si za ovala mikanjo okha. Mtolankhani amazifuna pamene uthenga wotentha wafika pa foni usiku. Mbusa ndi shehe amazifuna pa guwa sabata ya chisankho. Nyakwawa, mphunzitsi wamkulu, wapampando wa msika ndi kholo pakhomo amazifuna tsiku limene anthu awo agawikana.

Zisankho zidzabweranso, ndipo mitima idzatenthanso, pakuti ndale ndi mmene zilili. Tsiku limenelo padzakhala okuuzani kuti nthawi yomvetsera yatha, kuti wodekha ndi wogulidwa kapena wamantha. Musadzawamvere. Mu 2020 dziko lino lidapulumuka chifukwa anthu asanu adakana kuthamangitsidwa, ndipo mamiliyoni adalola kukhala pansi n'kumvetsera mpaka kumapeto. Inu amene muli ndi anthu okumverani, kaya ndi khumi kaya ndi chikwi, phunzirani luso limeneli moto usanabuke, ndipo muwaphunzitse ana anu.